Okhometsa Msonkho pa Chikamwini

Padangokhala. Amene sanayankhe kuti tili tonse akonzeke, akhoma msonkho wa kukhala chete.

Kunali dziko lina la nyama kumene ufumu unagwera m'manja mwa anyani. Musandifunse kuti Mkango unali kuti. Ena amati unapuma pantchito, ena amati unaluza mavoti; ine sukulu ndinalekezera panjira, ndiye za mbiri yakale ndimangotola zogwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti pampando panakhala Mfumu Nkhwere, chinyani chamimba ngati nkhokwe ya chaka cha mvula yabwino, ndipo maudindo onse a boma anagawira ana a mlongo wake. Mesenjala mwana wa mlongo, kapitawo mwana wa mlongo, woimba belu mwana wa mlongo. Kufiira kuja mumakuona kumbuyo kwa anyani kunayamba nthawi imeneyo, chifukwa chokhalitsa pamipando ya mu ofesi.

Nyani salima, zimenezo mukudziwa. Choncho boma la Nkhwere linkadya msonkho. Unayamba mwaulemu, msonkho wa nkhokwe. Kenaka kunabwera wa mtondo, wa utsi wotuluka padenga, wa mchira, ndipo opanda michira ngati Chule ankakhoma kawiri, ati anabisa dala. Nyama zitayamba kuyasamula ndi njala kunabwera msonkho wa kuyasamula, ati kutsekula kukamwa popanda chodya n'kunyoza boma. M'makomo zinthu zinathina. Mchere ankabwerekana ngati khasu: uviike kamodzi m'ndiwo, ubwezere mwini wake. Sopo ankangomununkhiza tsiku la Sabata n'kumubisanso.

Nkhokwe zitauma, Nkhwere anamva kuti m'nyumba za nyama mukadali chimanga chambewu, chija amachimangirira kudenga pamwamba pa moto kuti utsi uzichitchinjiriza kwa anankafumbwe. Anakwiya. Anati chimanga chongolendewera osagwira ntchito n'chaulesi, boma lichitenge likachiphunzitse khalidwe. Apo n'kuti mitambo itayamba kale kusonkhana.

M'mudzi wina munali changa wamasiye, dzina lake Nachanga, wamaso akuluakulu oona zinthu zisanafike. Anali ndi mwana mmodzi wamkazi, Ndaziona, namwali wosalala ubweya. Chuma chawo chonse chinali ngala zambewu zimene zinkalendewera kudengako. Nachanga anali atagona ndi njala kangapo akuziyang'ana, osathyolako ngakhale njere, chifukwa ankadziwa kuti wodya mbewu amadzalima ganyu m'minda ya eni mpaka kufa.

Woyamba kufika anali mesenjala, nyani wachinyamata dzina lake Dzoole, atavala kapusi ya boma, dengu lili pamutu. Nachanga anamuyang'ana kamodzi: malaya opanda mabatani, nsabwe zoyenda pamzere m'khosi. Anadziwa kuti uyu kwawo kulibe womusamala. Anamuyalira mphasa pabwalo, nalowa m'nyumba kukauza mwana wake kuti akapereke madzi akumwa kwa mlendo, atagwada, ndipo amwetulire.

"Amayi, nyaniyo ine ayi," anatero Ndaziona.

"Ndani wati ukwatiwe? Ine ndati umwetulire."

Ndaziona anamwetulira. Dzoole anamwa madzi mpaka chikho kuuma, napitiriza kumwa chikho chouma. Za msonkho anayamba kuzifotokoza chammbuyo. Nachanga anadandaula mokweza, ngati akuuza nkhuku, kuti mwana ngati uyu akungokalamba pakhomo, amuna a masiku ano ndi amantha, ndipo iye sangamupereke kwa wina aliyense koma munthu wa yunifolomu. Dzoole anatsokomola, nafunsa ngati pakhomo pano panafika kale wina. Atamva kuti ayi, anafufuza m'matumba, osapezamo kanthu, ndiye anavula kapusi ya boma ija naipereka kwa Ndaziona ngati chikole.

Kapusi itangofika m'manja mwa mwanayo, Nachanga anadziphimba kumaso ndi chitenje, nathawira m'nyumba, nakakhala pansi penipeni pa mbewu zija. Dzoole anadzuka ndi dengu lake kuti amulondole. Ndaziona anamutsekereza pakhomo, namufunsa monong'ona ngati kwawo anamulera kapena anangomutola. Mkamwini kulowa m'nyumba ya apongozi? Kuwayang'ana kumaso? Dzoole anabwerera chammbuyo, manja akuwomba okha.

Anati basi, ayambe wakhometsa nyumba zina. Koma Nachanga anali atatumiza kale mawu podutsira pazenera. Pakhomo pa Nungu, mayiyo anadziphimba nathawira m'nyumba; ati ndi mng'ono wake wa Nachanga, apongozi aang'ono. Pakhomo pa Mbira chimodzimodzi. Pakhomo pa Nkhanga chimodzimodzi. Dzoole anafunsa kuti mbalame ikhala bwanji mng'ono wake wa changa, ndipo anamuyankha kuti za mbumba ya eni mkamwini safunsa. Tsiku limenelo anathera kulumphira m'tchire, chifukwa njira iliyonse imene walowa ankakumana ndi apongozi, ndipo mkamwini ndiye amapatuka.

Madzulo azimayi anasonkhana pamtondo. Ankasinja mitondo yopanda kanthu, poti yopanda kanthu inalibe msonkho, ndipo anayambitsa nyimbo. Wotsogolera ankafunsa kuti ndi mwana wa yani uyu wabwera kwa apongozi ndi dengu lopanda kanthu, oyankha n'kumamuuza kuti khasu lili kuseri kwa nyumba. Misi inkagunda pamodzi pa mawu akuti khasu. Dzoole anapita kuseri kwa nyumba, nalipezadi.

M'mawa mwake mesenjala wa boma anali m'munda wa Nachanga akuunga mizere. Atatha umenewo anamuuza kuti apongozi aang'ono nawonso ali ndi minda. Chakudya chake chinali phala la gaga lopanda mchere. Atafunsa za mchere, Ndaziona anamuuza kuti unapita kuboma mwezi watha, mwina iye akudziwa amene anaunyamula. Dzoole anangomeza phala lake.

Kunyumba ya mfumu anadikira dengu, dengu osabwera. Nkhwere anatuma kapitawo, Chimkwende, mkulu wake wa Dzoole. Uyu anali nyani wouma mtima, wa akazi awiri, amene anakhometsapo maliro msonkho wa kugona masana. Atafika anapeza mng'ono wake ali ndi matuza m'manja, akuimba mluzu. Anamutcha chitsiru, namufunsa kumene kuli kapusi ya boma. Ndaziona anabwera ndi madzi, namwetulira mpaka masaya kuwawa, koma Chimkwende anamwa madziwo akuyang'ana kudenga kwa nyumba.

"Ine sindinatomere munthu pano," anatero, akulunjika pakhomo.

Nachanga anayankhula ali m'kati, koma osati kwa iye, poti mpongozi sayankhula ndi mkamwini maso ndi maso. Anauza Ndaziona kuti awauze alendowo kuti mkulu wake wa mkamwini ndi mkamwini, bere limodzi silibala wina mkamwini wina mlendo. Chimkwende anauza Ndaziona kuti awauze amayi ake kuti lamulo lilibe apongozi. Anaponda pakhonde.

"Uwauze alowe," anatero Nachanga. "Koma uwauzenso kuti ndavula, ndikudzola mafuta. Akakafika kwawo akawauze akazi awo awiri aja zimene aona."

Phazi la Chimkwende linaima m'malere. Pamtondo nyimbo inali itayamba kale, ndipo ulendo uno wotsogolera sanafunse kuti ndi mwana wa yani; anamutchula dzina, natchula la mayi wake, nawonjeza kuti ndi uja amasuzumira apongozi. Oyankha anamukumbutsa za khasu kuseri kwa nyumba. Chimkwende anatsitsa phazi lake kumbuyo.

Khasu analikana. Koma Nungu, akudutsa chapatali nkhope ataphimba, anauza Mbira mokweza kuti mizere ya mkamwini wamng'ono ndi yokhota ngati njoka yoledzera, ndipo n'zosadabwitsa, banja limenelo limangodziwa kukolola za eni. Chimkwende anakapenya, napeza kuti n'zoona. Analanda khasu kwa mng'ono wake kuti amuonetse kamodzi kokha mmene mwamuna amaungira mzere. Kamodziko kanatha minda itatu.

Koma kapitawo sanali Dzoole. Atasamba m'manja anakakhala pachitsa pakati pa mudzi, pamene ankaona makomo onse, nalengeza kuti m'nyumba salowamo, zoona, koma mbewu simera kudenga. Tsiku limene idzatuluke pakhomo, kaya m'lichero kaya m'nsengwa, ndi ya boma. Anakhala pamenepo osaphethira.

Mvula yobzalira inagwa. Nthaka inafewa, mizere ili chikonzekere, mbewu zili kudenga. Nachanga anayang'ana ngala zake, nayang'ana nyani wa pachitsa uja kudzera pa kabowo ka chitseko, ndipo kwa nthawi yoyamba maso ake akuluakulu aja anasowa choona. Ndaziona anamufunsa ngati amwetulirenso. Mayiyo anati ayi, apa mano sathandiza.

Ndiye kunamveka belu. Mfumu Nkhwere yatopa kudikira, yabwera yokha pamachila, onyamula akubuula, kumbuyo kukubwera madengu a mchere, nyemba ndi mtedza zimene anakhometsa m'midzi ya m'njira. Chimkwende anamufotokozera atsibweni ake zonse. Nkhwere anaseka mpaka machila kugwedezeka. Anati ana a masiku ano nzeru alibe: ngati pakhomo sipolowa, nyani amalowera kuti? Analamula kuti asasule denga.

Azimayi anayambitsa nyimbo ija, koma Nkhwere anangotukula dzanja nanena kuti kuyambira lero nyimbo ili ndi msonkho, ndipo iye manyazi anawasiya m'mimba mwa mayi ake. Misi inaima.

Apo chitseko chinatsekuka. Nachanga anatuluka nkhope ili poyera, nagwada patsogolo pa machila, nawomba m'manja mwaulemu wonse.

"Takulandirani, ankhoswe."

Nkhwere anayang'ana kumbuyo kuti aone amene akunenedwa. Nachanga anafotokoza kuti iwo akhala akudikira tsiku limeneli. Mwana anatomera, mkulu wake anabwera kudzaona pakhomo, ndipo lero atsibweni a mnyamata afika okha, monga mwa mwambo, ndi madengu a katundu. Midzi ina ankhoswe amabwera wapansi, fumbi lili m'miyendo. Iwo alandira wa pamachila. Anati za denga mfumu isavutike nazo, udzu ndi wakale ungayigwetse. Ankhoswe si mkamwini, sapewa munthu. Chinkhoswe chikangotha, alowe pakhomo ngati mwini, nyumba iliyonse, ndipo chilichonse chimene apeze chikulendewera kudenga atenge.

Nkhwere anayang'ana denga, nayang'ana mimba yake. Anaona kuti kulowa pakhomo n'kotchipa. Komanso chiyambire ufumu wake palibe amene anamuitanapo pa chinkhoswe. Ankangomuitana pa milandu. Anafunsa ngati mwambowo ndi wautali. Nachanga anati ayi, kungoonetsa mkazi basi. Dzoole anagwada kwa atsibweni ake misozi ili m'maso, ndipo mfumu inati chabwino, zichitike msanga.

Anayala mphasa. Ankhoswe akuchikazi anali Fulu, amene Nachanga anati ndi mlongo wake, ndipo pofika pano panalibenso wofunsa za mbumba. Fulu anayamba malonje. Anafotokoza mmene anadzukira, mmene anapezera mwendo wake wakumanzere, mmene anaganizira za wakumanja. Pamene iye ankayankhula, azimayi onse anali atalowa m'nyumba kukakonzekera.

Mukudziwa mmene zimakhalira pa chinkhoswe. Mkazi satuluka yekha poyera ngati mbuzi yogulitsa. Amatulutsa anthu ofunditsidwa chitenje kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mmodzimmodzi, ndipo akuchimuna amaponya kenakake m'mbale kuti avundukule nkhope, aone ngati ndi iyeyo.

Woyamba anatuluka m'nyumba ya Nachanga akuyenda pang'onopang'ono, wonenepa ngati mtsuko. Fulu anati mbale ili apa. Nkhwere anafunsa kuti aponyemo chiyani, ndipo Fulu anangoyang'ana madengu aja. Mfumu inalamula kuti atapeko mchere. Atavundukula nkhope, anapeza ndi Nungu, akuseka ndi mano awiri. Khamu linafunsa Dzoole ngati ndi ameneyu. Dzoole anati ayi. Nungu anadziphimbanso, ati wachita manyazi pokanidwa pagulu, nachoka akudzikoka kulowera njira ya kuminda kuti akalire bwino.

Wachiwiri anali wonenepa kuposa woyamba. Nyemba zinalowa m'mbale. Anali Mbira. Nayenso anapita kukalira kuminda. Wachitatu Nkhanga, amene aliyense amadziwa kuti miyendo yake ndi timitengo, koma tsiku limenelo ankadzaza njira. Mtedza unalowa m'mbale. Mbaleyo inali yodabwitsa, ikadzaza inkapita kuseri n'kubwera yopanda kanthu.

Chimkwende anayamba kununkhiza mphepo. Anasendera kwa atsibweni ake nanong'ona kuti azimayiwa akuyenda mokhala ngati akulira tchekeretchekere m'kati mwa zitenje, ndipo akununkha utsi. Anapempha kuti amugwire mmodzi amufufuze.

"Ufufuze m'chitenje cha apongozi ako, ine ndili pompano?" inatero mfumu. "Khala pansi, usandichititse manyazi pa chinkhoswe changa choyamba."

Kenaka inatembenukira kwa Fulu, ikuloza wofunditsidwa wina amene ankalephera kutuluka pakhomo chifukwa cha kukula kwa m'chiuno.

"Inu mumalira njala tsiku ndi tsiku. Taonani mmene anenepera azimayi anu. Msonkho wanga ndi wochepa, ndaona ndi maso anga."

Fulu anavomera kuti mfumu ili ndi maso akuthwa.

Anatuluka ofunditsidwa, anatuluka, ena kawiri, poti akafika kuminda ankazungulira kuseri n'kudzalowanso pazenera. Nkhwere anamuona Nungu kachiwiri nafunsa ngati si yemwe uja. Anamuuza kuti ndi amapasa. Kuchokera kuminda kunayamba kumveka nyimbo ija chapansipansi, koma tsopano sinkafunsanso za dengu. Inkathokoza akamwini chifukwa cha mizere yowongoka, ndipo oyankha ankati khasu libwerere kuseri kwa nyumba, ntchito yake yatha. Mfumu inafunsa kuti akuimba chiyani olirawo. Nachanga anati ndi nyimbo ya ukwati, ilibe msonkho.

Madengu atatsala pang'ono kuuma, kunatuluka wofunditsidwa wowonda. Nkhwere anakhuthula mchere wotsala. Anali Ndaziona. Dzoole analumpha nanena kuti ndi ameneyu, ndi ameneyu atsibweni. Ntchembere zinaimba nthungululu. Fulu anadikira kuti phokoso lithe, ndipo monga mwa mwambo anatembenukira kwa mwana wamkaziyo namufunsa ngati mwamuna wake ndi ameneyu.

Ndaziona anamuyang'ana Dzoole kuyambira kumutu mpaka kumchira.

"Amalume, ndaganizaganiza. Kulima amayesetsa, koma kwawo ndi kwa anthu olanda. Ndingakadye chiyani kumeneko chimene mwini wake sakuchilira?"

Fulu anapukusa mutu mwachisoni, nauza ankhoswe akuchimuna kuti ukwati sakakamiza, mwana wakana. Dzoole anakhala pansi pamatope. Nkhwere anati zaukwati n'zawo, iye chinkhoswe watha, tsopano alowe. Nachanga anamutsekulira chitseko yekha, namuchenjeza kuti aweramitse mutu.

Mfumu inalowa, mimba ikukhula mafelemu. Inayang'ana kudenga. Kunali mwaye ndi tizingwe tolendewera. Inalowa kwa Nungu, tizingwe. Kwa Mbira, tizingwe. Nachanga ankayenda pambuyo pake akuikumbutsa mwaulemu kuti pangano linali lakuti chilichonse cholendewera itenge, ndipo anaithandiza kumasula tizingweto n'kutiika m'dengu.

Chimkwende ndiye anathamangira kuminda. Anapeza azimayi aja ataonda onse mwadzidzidzi, zitenje zili m'chiuno, akupondereza phando lomaliza ndi chidendene, zitsononkho zili mbwee m'mphepete. Mbewu yonse inali pansi, m'mizere imene iye mwini anawongola.

Nkhwere analamula kuti afukule. Anyani onse a boma, ndi onyamula machila omwe, analowa m'minda kukanda nthaka ndi zala. Koma njere yobzalidwa siitana. Ankapeza imodzi apa, n'kuidya pomwepo chifukwa cha njala, kwinaku akukangana kuti wadya msonkho ndani. Mvula inabweranso yamphamvu, ndipo mfumu inabwerera kwawo wapansi, itanyowa, ikutsogolera madengu a tizingwe. Mpaka lero mukabzala chimanga mudzaona anyani akufukula m'mizere. Si njala yokha ayi, akutolera ngongole ya atsibweni awo.

Chimanga chinamera. Nachanga ankayendera munda wake m'mawa uliwonse, akudya ndiwo zamchere kwa nthawi yoyamba chaka chimenecho. Koma belu linamvekanso: mfumu yalengeza msonkho wa kunenepa, woyambira m'mudzi wa Nachanga, udzatoleredwa pokolola.

Ndaziona anawapeza amayi ake akupalira, nawafunsa kuti nanga pokololapo adzatani. Nachanga anati asade nkhawa, mlongo wake wa mfumu anabereka ana aamuna ambiri, ndipo ena sanakwatire.

"Ayi amayi, ine ndatomeredwapo, zandikwana. Ulendo uno mutomeredwe ndinu."

Nachanga anati iye wakalamba, angamufune ndani.

"Mfumu ija pomasula tizingwe sinkayang'ana tizingwe," anatero Ndaziona. "Inu mudzapereke madzi. Ine ndidzakhala m'nyumba, ndikudzola mafuta."

Nachanga anaimika khasu, naganiza pang'ono, nafunsa ngati sopo uja akadalipo.

Nthano yanga yathera apa. Amene anaika mbatata pamoto akaphule msanga, adyere m'nyumba, utsi usanaoneke kuboma.